Kuika ma app a kwa anzanu popanda kuika ndalama zanu pachiswe

Kuno ku Nchalo ambiri timapatsana ma app pa Xender, app yotumizirana zinthu pafoni popanda intaneti, chifukwa bandulo ndi yodula. Android imalola zimenezi, pomwe iPhone imakana. Ufuluwu ine ndimaukonda, koma foni yomweyo ndiyo imasunga Mpamba ndi Airtel Money yathu.

Mukafuna kuika app ya kwa mnzanu, lowani mu Settings, pezani "Install unknown apps", mulole Xender yokha. Mukamaliza tsekaninso. Play Protect, yomwe imafufuza ma app oipa mu foni, musaizimitse, ngakhale wokonza mafoni pamsika atakuuzani.

Onaninso zomwe app ikupempha. Ya tochi ikafuna kuwerenga ma SMS anu, ichotseni msanga, poti mauthenga a ndalama amafikira momwemo. Foni ya amayi ku Bangula ndinaitsekeratu kuti isalole ma app ochokera kwa anthu ena, chifukwa adzukulu amaigwiragwira.