Momwe mungasankhire pisitolo yosakankha kwambiri ngati mukungoyamba kumene kuwombera

Munthu amene sanagwirepo mfuti akalowa m'shopu ya mfuti ku Johannesburg kapena ku Durban, maso ake amathamangira pa kapisitolo kakang'ono kolowa m'thumba la buluku. Kamaoneka kofatsa, kopepuka, koyenera wophunzira. Ambiri amasokonekera pamenepa. Zipolopolo zikakhala zofanana, mfuti yaing'ono ndi yopepuka ndi imene imakankha dzanja mwamphamvu kuposa yaikulu. Mfuti ikamapweteka dzanja, mwini wake amasiya kuyeserera, ndipo munthu woyenda ndi mfuti imene sakuidziwa bwino ndi woopsa kwa iye mwini ndi kwa ena.

Zimene ndalemba pano zikutsata malamulo a ku South Africa, kumene abale athu ambiri akukhala. Ku Malawi ndi ku Zambia malamulo ndi ena, choncho amene ali kumudzi ayambire kupolisi asanaganize n'komwe za mtundu wa mfuti.

Choyamba, onani ngati lamulo likukulolani

Lamulo loyendetsa nkhaniyi ndi Firearms Control Act nambala 60 ya chaka cha 2000. Likufuna kuti mukhale ndi zaka 21 kapena kuposerapo, ndipo mukhale nzika ya dzikolo kapena munthu wokhala ndi permanent residence, chilolezo chokhala m'dzikolo mokhazikika. Ngati muli pa pepala la ntchito chabe kapena mapepala anu sanalongosoke, khomo ili n'lotseka. Musamvere aliyense wokuuzani kuti akupezerani mfuti kuseri. Kupezeka ndi mfuti yopanda laisensi kukhoza kukupititsani kundende zaka zofika 15, ndipo simungadziwe milandu imene mfutiyo inapalamulidwira isanafike kwa inu.

Ngati ndinu woyenera, mumayamba ndi maphunziro kusukulu yovomerezeka, kumene mumaphunzira lamulolo ndi kagwiridwe ka mfuti. Kenako mumapempha competency certificate, chikalata chotsimikizira kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti, kupolisi pa fomu ya SAPS 517. Mbiri ya nkhanza za m'banja, milandu ya chiwawa, uchidakwa kapena mankhwala ozunguza bongo zimalepheretsa munthu pamenepa. Laisensi yeniyeni mumaipempha pa fomu ya SAPS 271.

Gwiritsitsani mfundo iyi: gawo 13 la lamuloli, lokhudza kudziteteza, limalola mfuti imodzi yokha, ndipo laisensi imalembedwa pa nambala ya mfuti imeneyo. Ndiye kuti mumalipira mfutiyo, imatsala m'manja mwa wogulitsa, inu n'kudikira yankho kwa miyezi. Mukadzazindikira kuti ikukupwetekani, kusintha kwake n'kuyambiranso ulendo wonse. N'chifukwa chake kusankha kuyenera kutenga nthawi.

Chachiwiri, mvetsani chimene chimakankha dzanja

Wonga ukayaka, chipolopolo chimapita kutsogolo, mfuti n'kubwerera m'mbuyo. Odziwa za mfuti amati recoil. Zili ngati kudumpha kuchoka m'bwato: laling'ono limathawira kutali m'mbuyo, lalikulu limangogwedezeka pang'ono, ngakhale wodumphayo ndi yemweyo. Pisitolo ya Ruger LCP sifika magalamu 300. SIG Sauer P365 ili pafupi ndi magalamu 500. Glock 19 yokhala ndi magazini (moikamo zipolopolo) yopanda kanthu ndi magalamu pafupifupi 670, pomwe CZ 75 yachitsulo chokhachokha ili pafupi ndi kilogalamu imodzi. Pa mfuti zitatu zomalizazi chipolopolo ndi chimodzi, 9mm, koma dzanja limamva zosiyana kwambiri. CZ 75 ndi yofewa kuwombera, koma kuyenda nayo m'chiuno kuyambira m'mawa mpaka usiku n'kolemetsa. Wophunzira afune ya pakatikati.

Kulemera si nkhani yokha. Chogwirira chikakhala chachifupi moti chala chaching'ono chikulendewera, kukankha konse kumathera pa zala ziwiri, ndipo mlomo wa mfuti umadumphira m'mwamba. Palinso mapangidwe a mkati. Mapisitolo ena a .380, monga Walther PPK, ndi a mtundu wa blowback: slide, mbali ya pamwamba ya pisitolo imene imabwerera m'mbuyo mfuti ikalira, imagwiridwa ndi kulemera kwake ndi sipuling'i basi, choncho imamenya dzanja mwadzidzidzi ndipo sipuling'iyo imakhala yolimba kukoka. Ena ndi a locked breech, amene mpope wodutsamo chipolopolo ndi slide zimabwerera limodzi kanthawi zisanasiyane, ndipo kukankhako kumafika mofewerapo. Mufunseni wogulitsa kuti mfutiyo ndi ya mtundu uti mwa iwiriyi.

Chachitatu, sankhani chipolopolo

Kwa anthu ambiri ine ndimati 9mm Parabellum, chimene chimalembedwanso 9x19. Chinapangidwa ndi Georg Luger kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo lero apolisi ndi asilikali a maiko ambiri amagwiritsa ntchito chimenechi. Chimapezeka m'shopu iliyonse ya mfuti, ndipo nthawi zambiri n'chotsika mtengo poyerekeza ndi zinzake za mapisitolo odzitetezera. Mtengo ndi wofunika chifukwa luso limabwera ndi kuchuluka kwa zipolopolo zimene mwawombera poyeserera. Zimabwera zolemera 115, 124 kapena 147 grain (muyeso wa kulemera kwa chipolopolo). Zolembedwa +P zisiyeni kaye, chifukwa zili ndi mphamvu yowonjezera ndipo zimakankha kwambiri.

Ngati manja anu ndi ofooka, muli ndi nyamakazi kapena ndinu wachikulire, onani .380 ACP, chimene ku South Africa chimadziwika kuti 9mm Short. Ndi cha John Browning, cha 1908. Mphamvu yake ndi yocheperapo, koma chimakhala chofewa pokhapokha chili m'mfuti yokulirapo ya locked breech. Smith & Wesson M&P 380 Shield EZ, imene inatuluka mu 2018, inapangidwira anthu otere: slide yake sivuta kukoka ndipo magazini yake ya zipolopolo 8 sivuta kudzaza. Glock 42 nayonso ndi yofewa, ngakhale ndi yaing'ono ndipo imatenga 6 zokha. Chenjerani, 9mm Short ndi 9mm Parabellum si chipolopolo chimodzi. Werengani zolembedwa pa mpope ndi pa bokosi.

Cha .22 LR chimakankha pang'ono chabe, ndipo n'chabwino kwambiri pophunzirira. Podzitetezera sindingakulimbikitseni, chifukwa n'chofooka ndiponso chimakana kuphulika kawirikawiri kuposa zinazi. Ma revolver (mfuti za m'manja zimene moikamo zipolopolo mumazungulira) ang'onoang'ono a .38 Special, monga Smith & Wesson 642, anthu amakonda kuuza amayi kuti agule poti ndi osavuta. Kuwagwiritsa ntchito n'kosavutadi, koma ndi opepuka, trigger yake (kachitsulo kokoka ndi chala powombera) ndi yolimba, ndipo amaluma dzanja. Wophunzira amavutika kulondola nawo.

Chachinayi, igwireni m'shopu

Wogulitsa akutulutsireni mfuti zingapo, monga Glock 19, CZ P-10 C, CZ P-07, Glock 43X ndi Shield EZ. Aliyense akakupatsirani mfuti, atulutse magazini ndi kukuonetsani kuti mkati mulibe chipolopolo, inunso muyang'ane ndi maso anu. Muilozetse kumene akuuzani.

Ikani dzanja lowomberera m'mwamba mwa chogwirira, mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera ukhale wothina pansi pa kamlomo ka kumbuyo. Zala zitatu zonse zikwane pa chogwirira. Chala cholozera chifike pa trigger popanda kupotoza dzanja. Mukaona kuti mukusuntha mfuti m'dzanja kuti chala chifike, mfutiyo yakukulirani. Dzanja linalo liphimbe mbali yotsala ya chogwirira, zala zazikulu zonse ziloze kutsogolo. Chala chachikulu chisadutse kuseri kwa slide, chifukwa ikamabwerera imacheka.

Kenako kokani slide. Musaitsine ndi nsonga za zala. Igwireni pamwamba chakumbuyo ndi chikhatho chonse, mfuti ili pafupi ndi chifuwa, ndipo dzanja lowomberera likankhe mfutiyo kutsogolo. Ambiri amene amati alibe mphamvu amatha akachita motere. Yesaninso kutulutsa magazini ndi kutsekera slide m'mbuyo. Ngati chimodzi mwa izi chikukukanikani mutayesa bwinobwino, isiyeni mfutiyo ngakhale wogulitsa aitame bwanji.

Chachisanu, musalipire musanawombere

Malo ambiri oyeserera kuwombera amabwereketsa mfuti pansi pa mlangizi, ndipo lamulo limalola munthu wopanda laisensi kuwombera akuyang'aniridwa ndi mwini laisensi ali pomwepo. Sankhani mfuti ziwiri kapena zitatu zimene zinakukwanani m'shopu, muziwombere tsiku limodzi ndi zipolopolo za mtundu umodzi, pa mtunda wa mamita 5 mpaka 7. Valani magalasi oteteza maso, ndipo m'makutu ikani zotsekera zamkati ndi zovala pamwamba zomwe. Mantha ambiri a wophunzira amachokera ku phokoso, makamaka m'malo otsekeka.

Musayang'ane kwambiri ngati mwalasa pakati. Onani ngati dzanja lothandizira likusiya chogwirira mfuti ikalira, ngati mukukonzanso magwiridwe mukangowombera kamodzi, ndiponso ngati mlomo wa mfuti ukubwerera wokha pamene munaloza. Wowombera ndi dzanja lamanja akaona mabowo akutsikira pansi kumanzere, kawirikawiri ndiye kuti akukankhira mfuti pansi poyembekezera kulira kwake. Mfuti ikamakanirira kutulutsa chikhokho m'manja mwanu koma m'manja mwa mlangizi ikuyenda bwino, vuto ndi mfundo ya dzanja yolobodoka, ndipo timfuti topepuka sitikhululuka pa zimenezi. Mukamaliza bokosi la zipolopolo 50, dzifunseni kuti ndi iti imene mungakonde kuwomberanso sabata yamawa. Imeneyo ndiyo yanu.

Chachisanu ndi chimodzi, holster, lamba ndi sefa

Ndalama za zinthu izi ziwerengereni limodzi ndi mtengo wa mfuti. Gawo 84 la lamulo likuti pisitolo ikakhala pagulu ikhale mu holster (kathumba koikamo pisitolo) yomangidwa pathupi kapena m'chikwama choyenera, yobisika yonse, ndipo mwini wake aziilamulira nthawi zonse. Gulani holster yolimba yopangidwira mfuti yanuyo, yophimba trigger yonse. Zansalu zolobodoka, zimene amati zimakwana mfuti iliyonse, zikhoza kupindikira mu trigger pobwezera mfuti. Lamba akhale wochindikala. Ndi lamba wabwino, mfuti ya kukula kwa Glock 19 imabisika pansi pa malaya otayirira. Pobwezera mfuti mu holster musafulumire, yang'anani, chala chili kutali.

Sefa (bokosi lachitsulo lokiyiramo mfuti) iyenera kukhala yovomerezeka ndi yokhomedwa kukhoma kapena pansi, ndipo apolisi akhoza kubwera kudzaiona. Mfuti ikachoka m'chiuno ipite m'sefa, osati pansi pa pilo kapena pamwamba pa kabati. Ana amadziwa malo onse obisapo zinthu m'nyumba. Ngati pakhomo pali mikangano yoopsa, kapena wina akudutsa m'nthawi yovuta m'maganizo, imikani kaye kugula.

Pomaliza, pitirizani kuphunzira

Malamulo anayi amene Jeff Cooper, mlangizi wa za mfuti wa ku America, anawatchukitsa akhale m'mutu: mfuti iliyonse muitenge ngati ili ndi chipolopolo; musalozetse chinthu chimene simukufuna kuwononga; chala chisakhale pa trigger mpaka mutaloza ndi kutsimikiza zowombera; dziwani chimene mukuwombera ndi zimene zili kuseri kwake. Mowa ndi mfuti siziyendera limodzi, ndipo kugwira mfuti mutaledzera ndi mlandu.

Funsaninso mlangizi akufotokozereni nthawi imene lamulo limalola kuwombera munthu. Ndi pamene moyo wanu kapena wa wina uli pachiswe nthawi yomweyo. Wakuba amene akuthawa ndi foni yanu simungamuwombere, ndipo kungolozetsa munthu mfuti popanda chifukwa chomveka ndi mlandu kale.

Kunyumba mukhoza kuyeserera kukoka trigger mfuti ilibe kanthu, zipolopolo zili m'chipinda china, mutaloza kukhoma la njerwa. Poyeserera kumalo owomberera gwiritsani ntchito zipolopolo zotsika mtengo za FMJ (zokutidwa ndi chitsulo mpaka kunsonga), koma za hollow point (za bowo kunsonga) zimene muziyenda nazo muziyesenso m'mfuti yanuyo kuti mutsimikize kuti sizikanirira. Lamulo limakulolani kusunga zipolopolo zosapitirira 200 pa mfuti imodzi. Laisensi ya gawo 13 imatha pakapita zaka 5, ndipo pempho lowonjezera liyenera kufika kupolisi kutatsala masiku osachepera 90, choncho tsikulo lilembeni mukangolandira khadi.