Kamphaka kolusa pa chakudya chokoma

Kamphaka ka miyezi 2 mpaka 6 kakamalira moopseza, kulanda kachidutswa ka nkhuku n'kukabisala nako pansi pa bedi, musakamenye. Kali m'gulu la anzake kanazolowera kulimbirana, ndiye kamaganiza kuti dzanja lanu likubwerera kudzalanda.

Lekani kukapatsira m'manja. Dulani tizidutswa tating'ono ngati njere ya chimanga, mutimwaze pa mbale yafulati kapena muziponya kamodzikamodzi pansi, ndipo mufutukepo. Motere zala zanu sizilumidwa, komanso kamadya pang'onopang'ono. Kumeza kosatafuna n'kumene kumachititsa kuti kabweze chakudya chosagayika patangopita mphindi zochepa. Ngati muli ndi tiwiri, kalikonse kadyere m'chipinda chake, chitseko chotseka.

Nthawi yabwino yopatsa zokomazi ndi pamene kamaliza chakudya chake chenicheni, chomwe pa msinkhu umenewu kayenera kulandira katatu kapena kanayi pa tsiku. Kamphaka kokhuta sikalusa kwambiri. Zokomazo zisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a zonse zimene kamadya pa tsiku. Ngati ndi nsomba youma yothira mchere, iviikeni kaye m'madzi, ndipo musakapatse ndiwo zokazinga ndi anyezi kapena adyo chifukwa zimawononga magazi a mphaka.

Kakamadya molusa chonchi koma mimba ili tumbi, ubweya wosalala ayi, thupi osakula, ganizirani njoka zam'mimba ndipo pitani nako kwa dokotala wa ziweto. Kakameza ulusi wa phukusi la nyama, musaukoke ngakhale ukuonekera kukamwa. Umatha kucheka matumbo.