Mmene static relay imagwirira ntchito, ndi momwe mungaiyezere

Anyamata awiri a kwathu ku Mufakose, mu Harare, amene akuphunzira zamagetsi anandifunsa kuti kodi kabokosi kaja ka pa panelo ya 11kV, kotchedwa static relay, kamene kamazimitsa magetsi pakakhala vuto, kamadziwa bwanji kuti mawaya agundana, poti mkati mwake mulibe disiki yozungulira ngati relay zakale zija. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi enanso aone.

Static relay zinayamba kufala m'ma 1960, ndipo mbali yake yoyeza ilibe chilichonse choyenda, muli ma transistor, ma diode ndi ma op-amp basi. Kuti muimvetse tsatirani karenti kuyambira ku CT (current transformer), thiransifoma yotsitsa karenti ya pa chingwe kuti iyezeke. Tinene kuti pa chingwe pakudutsa ma amp 400, CT ya 400/1 imatsitsa kufika amp 1, kathiransifoma kakang'ono ka mkati mwa relay nkusandutsa karentiyo kukhala voteji, rectifier nkuiwongola kukhala DC. Apa ndiye pagona nkhani: comparator imafanizira voteji ija ndi mulingo umene munaika inuyo pa tima switch ta kutsogolo. Ikangopyola, timer imayamba kuwerenga, nthawi ikakwana kamadzuka ka relay kakang'ono kotulukira, kameneka ndiye kokha kamayenda, mukamva kuti tiki ndi komweko, nkupereka DC ya batire, malo ambiri 110V, ku trip coil, koyilo imene imagwetsa breaker, switch yaikulu yodula magetsi. Phwaa, mbali yowonongeka yokha yazima.

Tsono poyeza. Musanamasule waya aliyense, lumikizani pamodzi mawaya a CT pa test block, polumikizira zida zoyezera. Izi sizanthabwala abale anga, CT ikatseguka chingwe chili ndi karenti imatulutsa voteji yoti munthu kufa pompo. Kenako chotsani trip link, kolumikizira ka pakati pa relay ndi trip coil, kuti musazimitsire anthu magetsi mwangozi, lumikizani injection set, makina opereka karenti yoyesera, kwezani karenti pang'onopang'ono mpaka relay idzuke muone ngati zikugwirizana ndi setting. Mukatero yezani nthawi. Pa standard inverse, pamene karenti ikachuluka relay imagwetsa breaker msanga, TMS (nambala yochulukitsira nthawi) ili pa 1, karenti yowirikiza setting kawiri imatenga masekondi 10, yowirikiza ka 10 pafupifupi masekondi 3. TMS ikakhala 0.1 gawani ndi 10. Zikasiyana kwambiri ganizirani ma capacitor, amauma ndi kutentha makamaka m'tizipinda topanda mpweya mu Okutobala, komanso mphenzi za dzinja sizigwirizana nazo relay zimenezi.

Koma ine chimene ndimaonetsetsa kuposa zonse ndi batire. Pa fakitale ina ku Graniteside, mu Harare momwemo, relay tinaiyeza ili bwinobwino, koma tsiku lomwe chingwe chinapsa breaker sinagwe, tikafufuza mabatire anali atafa kalekale chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, chaja siinkapeza mpata wodzaza. Ndiye yezani voteji ya batire chaja itazimitsidwa, ndipo pomaliza bwezerani trip link ija, muuze mnzanu aonenso ndi maso ake musanatseke chitseko cha panelo.