Thupi la mtsikana wopsinjika maganizo limalankhula, tizilemba zimene likunena

Mtsikana akamadandaula mutu tsiku ndi tsiku, tulo osabwera, msambo n'kudumpha miyezi iwiri koma alibe pakati, ambiri timafulumira kunena kuti akudzichititsa. Makolo anzanga ndi inu atsikana, tiyeni tione kaye zimene zimachitika m'kati mwa thupi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti matenda ovutika maganizo amagwira akazi kuposa amuna ndi pafupifupi 50 peresenti, ndipo kusiyana kumeneku kumayamba kuonekera ana akamatha msinkhu.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono. Ubongo ukaona kuti zinthu zavuta, umatumiza uthenga kumeneko ndipo kachiwaloko kamatulutsa homoni yotchedwa cortisol, imene imawonjezera shuga m'magazi kuti munthu akhale ndi mphamvu zothawira kapena kulimbana. Mwa munthu wathanzi cortisol imakwera m'mawa, makamaka pakatha mphindi 30 mpaka 45 atadzuka, kenako imatsika pang'onopang'ono mpaka usiku. Nkhawa zikakhalitsa, mwa ena kayendedwe kameneka kamasokonekera. Mtsikana amadzuka ali wofooka ngati sanagone, usiku maso ali gwa, mtima ukugunda. Ubongo womwewo ukhoza kuchepetsa mahomoni oyendetsa msambo, n'chifukwa chake msambo umachedwa kapena kusiya.

Ofufuza amayeza cortisol m'malovu, m'magazi, mumkodzo, ngakhalenso m'tsitsi. Za tsitsizi zimandichititsa chidwi. Tsitsi la m'mutu limakula pafupifupi sentimita 1 pamwezi, choncho masentimita 3 oyandikana ndi khungu amasunga mbiri ya miyezi itatu yapitayo. Amayezanso CRP, puloteni imene chiwindi chimapanga thupi likamalimbana ndi matenda kapena kutupa, pamodzi ndi IL-6, puloteni inanso yosonyeza kutupa m'thupi. Mwa ena ovutika maganizo zimenezi zimapezeka zokwerako, koma si onse.

Apa ndiye pofunika kusamala. Palibe kuyeza magazi kumene pakokha kungatsimikize kuti munthu ali ndi matenda ovutika maganizo. CRP imakwera ndi chimfine, kusuta fodya ndiponso kunenepa kwambiri. Mapiritsi olera okhala ndi homoni ya estrogen amakweza cortisol yopezeka m'magazi ngakhale mtsikanayo alibe nkhawa iliyonse. Ndiye wina akakuuzani kuti ali ndi chipangizo chotulukira matendawa ndi dontho la magazi, musataye ndalama. Komanso mukamva kuti "magazi ali bwino", musabwerere kunyumba n'kumuuza mwana kuti ankanama. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa mwana wotero sadzanenanso.

Chimene ndimalangiza ndi kope wamba ndi cholembera. Kwa masabata awiri, mtsikana mwiniwake azilemba madzulo alionse ola limene anagona ndi limene anadzuka, ngati anadzidzimuka pakati pa usiku, ngati wadya bwino, ndi ngati pali chimene chamusangalatsa tsikulo. Alembenso tsiku limene msambo wayamba ndi limene watha. M'mawa asanatsike pabedi, aike zala ziwiri pamkono chakumunsi kwa chala chachikulu n'kuwerenga kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu. Kwa munthu wamkulu amene wapuma, kumakhala pakati pa 60 ndi 100. Inu amayi, kopelo ndi lake. Musalitsegule iye kulibe.

Masabata awiriwo sindinangowatola. Azachipatala amayamba kuganizira matendawa ngati kukhumudwa kapena kusowa chidwi ndi zinthu kwatenga masabata awiri, pafupifupi tsiku lililonse. Mafunso 9 a fomu ya PHQ-9, imene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito, amafunsanso za nthawi yomweyi. Kope limathandizanso kusiyanitsa kukhumudwa kobwera masiku ochepa msambo usanayambe, kumene kumatha msambo ukayamba, ndi kumene sikuchoka mwezi wonse. Pofuna kuona zimenezi bwinobwino, apitirize kulemba kwa miyezi iwiri.

Popita kuchipatala atenge kopelo, anene mankhwala onse amene akumwa, njira yolera osaibisa. Apemphe kuyezedwa kuchuluka kwa magazi, pakuti kutaya magazi ambiri pamsambo kumabweretsa kutopa, chizungulire ndi mtima kuthamanga, zofanana kwambiri ndi nkhawa. Hemoglobin, chinthu chonyamula mpweya m'magazi, ikakhala yosakwana 12 mwa mkazi amene alibe pakati, ndi chizindikiro cha kuchepa kwa magazi. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka chimachititsanso ulesi ndi kukhumudwa, ndipo chimayezeka. Zimenezi zikapezeka kuti zili bwino, afunse za uphungu kapena mankhwala, poti matendawa amachizika.

Koma mtsikana akanena kuti kuli bwino kungofa, kapena mwaona mabala odzicheka pamikono, za kope zisiyeni. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, kufunsako sikumupatsa maganizowo. Chotsani mankhwala ndi poizoni pamene angafikire, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.