Kayezedwe ka oyilo wa giyabokosi ya otomatiki

Yendetsani galimoto kwa mphindi 15 kuti oyilo atenthe, kenako iimikeni pamalo athyathyathya n'kukoka handibuleki. Injini isazime. Mutaponda buleki, pititsani giya mu R, N ndi D, mubwerere mu P. Sololani dipisitiki (kachitsulo koyezera oyilo) ya giyabokosi, ipukuteni ndi kansalu koyera, ibwezeni mpaka kumapeto, muisololenso. Oyilo alekeze pakati pa zizindikiro za HOT za padipisitikipo. Koma ma Honda ambiri amayezedwa injini itangozimitsidwa.

Oyilo wabwino nthawi zambiri amakhala wofiira. Akada n'kumanunkha kupserera, ndiye kuti makalachi a m'kati mwa giyabokosi akudyeka. Akaoneka ngati wasakanikirana ndi mkaka, madzi a mu ladiyeta alowamo. Akachepa, onjezerani pang'onopang'ono ndi fanulo pabowo la dipisitiki, chifukwa akachulukitsa amachita thovu ndipo magiya amayamba kuterereka. Mu giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, yomwe ilibe magiya odumphadumpha, musayerekeze kuthiramo ATF wamba (oyilo wa magiyabokosi ena a otomatiki).