Kukonzekeretsa wachinyamata wa FASD moyo wauchikulire

FASD ndi vuto la muubongo lomwe mwana amabadwa nalo mayi akamamwa mowa ali woyembekezera, ndipo silitha akakula.

Musanayambe mukhale ndi zikalata zakuchipatala zotsimikizira vutoli, komanso wamkulu mmodzi wodalirika amene sadzamutaya akadzakwanitsa zaka 18.

1. Yambani ali ndi zaka 14 kapena 15, chifukwa nzeru zake zimakhwima mochedwa.
2. Muphunzitseni ntchito imodziimodzi, pamalo pomwe azidzaigwirira. Ngati ndi kuchapa, chapani naye lero, mawa mubwereze, mkuja chimodzimodzi. Akaiwala si mwano ayi.
3. Matani pakhoma zithunzi za zochita za tsikulo. Alamu ya pafoni izimukumbutsa nthawi.
4. Ndalama muzimupatsa za masiku ochepa, lendi italipiridwa kale.
5. Mupezereni ntchito yosasinthasintha. Wachinyamatayo akavomera, abwana adziwitsidwe kuti azimuuza chinthu chimodzi pa nthawi.
6. Ambiri amalakwa apa: akamva akuyankhula bwino ngati wamkulu, amamusiya yekha. Akati "ndamva", mupempheni akuonetseni. Thandizo muzichepetsa pang'onopang'ono, ndipo zikayamba kusokonekera bwererani msanga, anthu omudyera masuku pamutu asanamupeze.