Agogo akadwala, ayezedwe kaye

Agogo akadandaula mutu, chidima m'maso kapena kutupa miyendo, ambiri timangoti ndi ukalamba. Kuchipatala nakonso zimachitika kuti munthu wa zaka 70 abwerere ndi Panado yekha osapimidwa. Kumeneku ndi kusala, ndipo matenda ochizika amakula chifukwa cha zimenezi.

Yambani ndi BP, poti nthawi zambiri simveka m'thupi mpaka munthu atafa ziwalo. Aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo ayezedwe ngakhale kamodzi pachaka. Akafika, apume pampando mphindi zisanu, mkono uli patebulo, chifukwa woyenda mtunda akangoyezedwa nambala imakwera. Ikapezeka pa 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, akambirane ndi dokotala za mankhwala. Nambalayo ilembedwe m'buku lawo la kuchipatala.

Pomwe zimavuta ndi kunyumba. Agogo akamva bwino amasiya mankhwala, BP n'kukweranso mwakachetechete. Mankhwalawa ndi a tsiku lililonse, choncho pakhale wachibale mmodzi wowakumbutsa komanso wokatenga ena botolo lisanathe. Mankhwala a BP okodzetsa aja, monga hydrochlorothiazide, amwe m'mawa kuti asamadzuke usiku n'kugwa mumdima. Podzuka ayambe akhala tsonga pang'ono, kuopa chizungulire. Mchere usapose kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku, kuwerengera ndi wa m'ndiwo. Musamawagulire ibuprofen kapena diclofenac pagolosale mawondo akamawawa: amakweza BP, amakanda m'mimba ndi kuwononga impso.

Nkhani yosokonekera mutu ndiyo tiimvetse bwino. Agogo amene dzulo anali bwinobwino, lero sakuzindikira adzukulu, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kawirikawiri amakhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi kapena kutsika kwa shuga, ndipo okalamba ena satentha thupi n'komwe. Koma kuiwala kobwera pang'onopang'ono kwa miyezi, kusochera m'mudzi mwawo momwe, kupezeka usiku pakhomo pa eni atavula, amenewo ndi matenda a ubongo oiwalitsa. Si ufiti. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi adaphedwa powanamizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pa lamulo la 1911, ndipo kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza okalamba. Mphekesera zikayamba, dziwitsani amfumu ndi apolisi zisanafike pogenda.

Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, monga ku Nkhoma kapena kuchipatala cha maso cha Lions ku Blantyre. Musawathire zitsamba m'maso.

Inu azaumoyo, lankhulani ndi agogowo eni ake, osati wowaperekeza yekha. Ayang'aneni kumaso, lankhulani mosathamanga, ndipo ofooka muwalowetse msanga pamzere. Afunseninso zoyezetsa HIV ndi shuga. Okalamba amadumphidwa kwambiri pa ziwirizi.